Mwana wasankha saikoloji: banja lidziwe makwerero a zaka zinai

UTHENGA wakuti mwana wapeza malo ku University of Zambia ukafika pamudzi, kaya ndi kwa Mbang'ombe m'boma la Katete, kwa Nyanje m'boma la Sinda kapena kwa Pembamoyo ku Vubwi, amai amaimba nthungululu ndipo nkhuku imafa tsiku lomwelo. Koma madzulo, alendo atabalalika, atate kapena atsibweni amafunsa funso limene lakhala likudikira tsiku lonse: kodi kumeneko akukaphunzira ciani? Mwana akayankha kuti saikoloji, kawiri-kawiri pakhomo pamakhala zii. Udotolo amaudziwa, uphunzitsi amaudziwa, za malamulo ndi za ulimi anazimvapo. Koma saikoloji ena amaiyesa nzeru yoona za mumtima mwa munthu monga acitira ang'anga, pamene ena amangokumbukira cipatala ca Chainama ku Lusaka nayamba kuda nkhawa.

Akuluwo salakwa kufunsa, pakuti ndiwo adzasenza mtolo. Digiri yoyamba ya saikoloji imatenga zaka zinai, ndipo kucokera ku Katete kukafika ku Lusaka pali makilomita pafupi-fupi 500. M'zaka zimenezo matumba a cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa adzapita kumsika, mwinanso ng'ombe idzatuluka m'khola. Amene anaona cilala ca m'nyengo ya 2023/24, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu February 2024, adziwa kuti munda sulonjeza kanthu. Cimene mabanja ambiri sauzidwa ndi cakuti zaka zinaizo zikhoza kusanduka zisanu kapena zisanu ndi cimodzi, mwana ali wakhama ndithu ndiponso wamutu wabwino, cifukwa cabe ca kusadziwa m'mene maphunziro ake anasanjidwira.

Makomo atatu ofanana maina

Saikoloji ndi phunziro la maganizo ndi makhalidwe a munthu. Limafufuza m'mene khanda limaphunzirira kulankhula, cifukwa cimene munthu amakumbukira zina naiwala zina, cimene cimacititsa gulu la anthu ofatsa kuyamba ciwawa, ndi m'mene cisoni kapena mantha zimadwalitsira thupi. Kulosera mulibe. Mphamvu ya phunziroli iri pa kuyesa, kuwerenga ndi kuyerekeza, ndipo lakhala lotero kuyambira mu 1879 pamene Wilhelm Wundt anatsegula nyumba yoyeseramo za maganizo ku Leipzig m'dziko la Germany. Mu 1905 Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza ku Paris mayeso ozindikirira ana amene afunika cithandizo capadera kusukulu, ndipo mayeso ambiri opimira nzeru anaphuka pa tsinde limenelo.

Colakwa coyamba cimacitika mwana asanakwere basi, pa nthawi yolemba fomu. Pa University of Zambia, imene inayamba kuphunzitsa mu 1966, cigawo ca saikoloji ciri m'sukulu ya School of Humanities and Social Sciences. Palinso saikoloji ya zamaphunziro, imene imaphunzitsidwa m'sukulu ya aphunzitsi, School of Education, pamodzi ndi maphunziro a ana olumala ndi ena ofunika cisamaliro capadera. Khomo lacitatu ndi la dotolo wa matenda a maganizo, amene amayamba watsiriza udotolo wonse ndipo ndiye amalembera odwala mankhwala. Mwana amene mtima wake uli pa kuimirira kutsogolo kwa kalasi ku Chassa kapena ku Katete Secondary ayenera kudziwa kuti bungwe la Teaching Council of Zambia limalembetsa anthu amene anaphunzira uphunzitsi, kotero digiri ya saikoloji payokha siimupatsa coko m'manja. Amene afuna kulemba mankhwala nayenso walowa khomo lolakwika. Safunsa anadya phula, ndipo phula la mtundu uwu limazindikirika caka cacitatu, ndalama zitapita kale.

Polowa pa yunivesite pamafunika makirediti asanu pa mayeso a Giredi 12, limodzi la iwo likhale la Cizungu. Kirediti ndi nambala 6 kapena yocepera pamenepo. Amenewa ndi malire a pansi cabe, popeza ofuna malo amaculuka ndipo amasankhidwa ndi amene anakhoza koposa. Amene anapunthwa pa phunziro lina akhoza kulembanso kupyolera m'mayeso a GCE a bungwe la Examinations Council of Zambia.

Kosi imatsegulira inzake

Ku sekondale mwana amapatsidwa ndandanda ya maphunziro yokonzedwa kale, ndipo belu limamuuza kopita. Ku yunivesite belu kulibe. Wophunzira amalembetsa yekha makosi caka ciri conse, ndipo ciwerengero cake ciyenera kukwana monga mwa malamulo a sukuluyo asanavale mkanjo. Makosi ena ndi okakamiza, ena ndi ocita kusankha. Coposa zonse, makosi ambiri a zaka zapamwamba ali ndi kosi ina ya m'munsi imene munthu ayenera kuyamba wakhoza asanaloledwe kulowa.

Kasanjidwe kake m'mayunivesite ambiri kamafanana. Caka coyamba ndi ca ciyambi ca saikoloji pamodzi ndi maphunziro ena a za cikhalidwe ca anthu ndi kalembedwe ka Cizungu ca kusukulu zapamwamba. Pambuyo pake pamabwera za kaonedwe ndi kamvedwe, za kuphunzira ndi kukumbukira, za ubongo ndi mitsempha, za kakulidwe ka mwana, kumene wophunzira amakumana ndi maina a Jean Piaget wa ku Switzerland ndi Lev Vygotsky wa ku Russia, ndi za khalidwe la munthu pagulu. Zimene ambiri anadzera, monga uphungu, matenda a maganizo ndi saikoloji ya pa malo a nchito, zimafika kumapeto. Maina a makosi amasintha nthawi ndi nthawi, ndipo cimene cimamanga wophunzira ndi buku la malamulo limene sukulu yake ikutsata, osati zimene anamva kwa mkulu wake amene anatsiriza zaka khumi zapitazo.

Pakati pa makosi onsewa pali imodzi imene imagwetsa anthu ambiri, ndiyo ya njira zofufuzira ndi masamu a ciwerengero, amene pa Cizungu amachedwa statistics. Ana ambiri amathawira ku maphunziro a za anthu poganiza kuti masamu awasiya ku Giredi 12, koma amawapeza atakhala pakhomo kuwadikira. Masamu ake si oopsya monga amamvekera. Mlimi amene amathira feteleza mbali imodzi ya munda, mbali ina naisiya, kenaka n'kuwerenga matumba, wayamba kale nchito imeneyi. Funso limene masamuwa amayankha ndi lakuti, kodi kusiyana kwa matumbawo kwadza ndi feteleza, kapena mbali inayo inali pa culu? Koma kosi imeneyi ndi mlatho. Wophunzira akailephera m'caka caciwiri, ndipo ngati imaphunzitsidwa kamodzi pa caka, makosi onse oimirira pa iyo amamutsekekera kufikira ataibwereza. Anzake amapitirira, iye amatsala ndi makosi owerengeka, ndipo caka cacisanu cabadwa pomwepo ndi lendi yake, cakudya cake ndi ndalama zake za basi. Kwa mwana amene akudziwa kuti masamu anamuvuta, nzeru ndiyo kupepuza katundu wa makosi osankha m'caka cimeneco, kulowa kagulu kophunzirira pamodzi kuyambira sabata loyamba, ndi kupita kwa mphunzitsi mayeso ang'ono-ang'ono oyamba akangobwera oipa. Zolemba ndi mayeso a mkati mwa caka zimawerengedwa pamodzi ndi mayeso otsiriza, kotero amene amadzuka mwezi wotsiriza amapeza mbali ina ya malikisi itapita kale.

Nkhani ya ndalama imalowa pomwepa. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale, limapereka ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa. Pepala limene mwana amasaina liri ndi mau onena za wophunzira amene walephera kapena wasintha maphunziro, ndipo ndi bwino kuti banja liwamve mauwo lisanayambe kuwerengera ndalamazo. Mayunivesite ena a anthu wamba nawonso amaphunzitsa saikoloji kapena uphungu. Asanalipire ngwee ndi imodzi yomwe, makolo afunse ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo ndi zobvomerezedwa ndi bungwe la Higher Education Authority.

Kusankha kwina kumene ana amacita mosaganizira ndi kwa phunziro laciwiri loyenda pambali pa saikoloji. Ambiri amatsata bwenzi, kapena amafunsa kuti kosi yosabvuta ndi iti. Komatu phunziro laciwirilo ndilo kawiri-kawiri limaloza kumene munthu adzagwira nchito. Wofuna za kulemba ndi kusamalira anchito m'makampani ndi m'boma amathandizidwa ndi maphunziro a kayendetsedwe ka nchito za boma. Wofuna za umoyo wa mabanja, ana amasiye ndi citukuko ca m'midzi amapindula ndi sosholoji kapena maphunziro a citukuko. Wokonda kafukufuku amapeza mnzake wabwino m'maphunziro a ciwerengero ca anthu. Ndipo pali lina limene ana a kuno amalinyoza, la zinenero za mu Afirika, cifukwa amati Cinyanja anayamwira. Mbiri ya saikoloji m'boma la Katete imaonetsa kuti kunyoza kumeneku n'kolakwa.

Zimene Katete anaphunzitsa akatswiri

Mwana wa m'maboma atatuwa ali ndi mwai umene ambiri amauzindikira atakhala kale m'kalasi: mbali ina ya zimene adzawerenga m'mabuku inacokera kwao. A Robert Serpell, amene anabadwira ku England, nabwera m'Zambia mu 1965 ndipo pambuyo pake anakhala nzika ya dziko lino, anayamba mu 1973 kufufuza m'midzi ina ya Acewa m'boma la Katete. M'zolemba zao deralo analipatsa dzina lobisa lakuti Kondwelani pofuna kuteteza eni ake. Mmalo moyamba ndi mayeso a ku Ulaya, iwo anayamba ndi kufunsa akulu-akulu odziwa bwino ana a pamudzipo. Anawapatsa zitsanzo za pamudzi pomwe. Nyumba ikuyaka moto ndipo pafupi pali ana okha-okha, kodi angatumidwe ndani kukaitana anthu? Pamalo poyanikira zobvala pali matope, kodi ndi mtsikana uti angapeze malo ena abwino? Mkulu aliyense anali kuchula mwana ndi kufotokoza cifukwa cake.

Mayankhowo anaonetsa kuti kwa Acewa nzeru imayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo wina ndi kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga m'mutu. Wina ndi kutumikira, ndiko kumva, kukhulupirika ndi kugwiritsa nchito mutuwo pothandiza ena. Kucenjera kopanda mnzakeyo ndi kwa Kalulu wa m'nthano, amene anthu amamuseka koma sangamusungitse nkhokwe. Agogo ali yense wa ku Kagoro kapena ku Kafumbwe akanatha kunena zimenezi, koma mayeso opimira nzeru amene anali kubwera kucokera kunja anali kuyang'ana mwendo umodzi wokha. Ndipo pamene anawo anayesedwa, zotuluka zake sizinagwirizane kweni-kweni ndi m'mene akuluwo anawasanjira.

A Serpell anawatsata anawo kwa zaka zoposa khumi kufikira atakula, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku lochedwa The Significance of Schooling, losindikizidwa ku Cambridge mu 1993. M'menemo anayerekeza sukulu ndi makwerero amene amanka nacepa cokwera: pansi pamayamba khamu, pamwamba pamafika owerengeka, ndipo otsalawo amabwerera kumudzi ndi dzina lakuti analephera, ambiri a iwo akudziimba mlandu okha. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Vubwi amene wafika pa Great East Road Campus waima pa nsonga yopapatiza ya makwerero amenewo, ndipo anzake amene anayamba nawo Giredi 1 akuwadziwa maina ndi kumene anatsikira.

Kafukufuku wina wa a Serpell, wofalitsidwa mu 1979, anayerekeza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester m'dziko la England. Onse anauzidwa kutsanzira zithunzi ndi maonekedwe a zinthu. Polemba ndi pensulo papepala ana a ku England anapambana. Popinda waya ana a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a waya, ndiwo anapambana. Poumba, kumene magulu onse awiri anali ozolowera, panalibe wopambana mnzake. Maganizo otere ndiwo anabala mayeso ochedwa Panga Munthu Test, m'mene mwana amapatsidwa dothi loumbira kuti aumbe munthu, ndipo woyesa amaona ziwalo ndi kalinganizidwe kake. Miyezo ya mayesowa ya ana a m'Zambia inafalitsidwa mu 1998. A Serpell anadzakhalanso mkulu woyendetsa University of Zambia kuyambira mu 2003 kufikira mu 2006.

Kwa wophunzira amene akusanja makosi, phindu la mbiriyi ndi looneka. Kosi ya mayeso a maganizo, imene ena amaiona ngati youma, ndiyo imamuphunzitsa kufunsa ngati mayeso opangidwa ku London angapime mwana wa ku Mkaika mwacilungamo. Makosi a kakulidwe ka mwana ndi a za miyambo, pamene alipo, ayenera kukhala pa ndandanda yake. Ndipo Cinyanja cimene anayamwira cimasanduka cida, koma cida cofunika kunola. Kumasulira funso la m'buku la Cizungu kuti limveke cimodzi-modzi kwa amai a ku Sinda ndi nchito yobvuta. Munthu wodwala cisoni cacikulu safika kucipatala ndi dzina la matenda ake. Amati mutu ukulemera, mtima ukuthamanga, tulo sitibwera, kapena akuganiza kwambiri. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, a Dixon Chibanda, dotolo wa matenda a maganizo, anamanga nchito ya Friendship Bench pa mau a Cishona otanthauza kuganiza kwambiri, naphunzitsa agogo akazi kukhala pa benci pafupi ndi kiliniki kumvetsera ndi kuthandiza obvutika.

Kuyamba ndi caka cotsiriza

Kumapeto kwa digiri wophunzira amacita kafukufuku wake-wake moyang'aniridwa ndi mphunzitsi. Ambiri amayamba kuganiza za mutu wake atalowa kale caka cacinai, ndipo cifukwa ca kucepa kwa nthawi ndi ndalama amangogawira anzao a m'mahositelo mapepala a mafunso. Palibe colakwa pamenepo, koma mwana wa kuno amakhala atasiya nkhokwe yodzaza kumudzi. Anyamata oweta ng'ombe za eni kwa zaka kuti adzalandire ng'ombe yao, kodi sukulu amaiona motani? Atsikana amene anabwerera kusukulu atabereka, monga ilolera ndondomeko ya boma ya mu 1997, n'ciani cimathandiza ena kutsiriza pamene ena amalekanso? Lamulo la mu 2023 loletsa ukwati uli wonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo, kodi makolo ndi anamkungwi alilandira bwanji? Nanga okalamba amene ayamba kuiwala maina a adzukulu ndi kusocera usiku, amene m'midzi ina amanamiziridwa ufiti pamene ali ndi matenda a ubongo?

Amene wasankha funso lotere msanga amasanja makosi ake cobwerera m'mbuyo. Ngati adzafufuza za ana, kosi ya kakulidwe ka mwana iyenera kukhala itatha, ndiponso ya njira zofunsira anthu pakamwa, popeza agogo sadzaza fomu. Adzafunika cilolezo ca komiti ya yunivesite yoona kuti ofufuza sabvulaza anthu, cilolezo ca akulu a maphunziro kapena a zaumoyo m'boma, ca makolo a mwana ali yense, ndiponso kukagwada kwa anyakwawa, ndipo zonsezi zimadya masabata. Ayeneranso kuwerengera nyengo. Mwezi wa January anthu ali kumunda ndipo njira zina za ku Vubwi zimabvuta ndi mvula, pamene cakumapeto kwa August mitima ya Acewa iri ku Kulamba.

Nthawi ya chuthi nayo ndi mbali ya maphunziro, ngakhale siilembedwa pa ndandanda. Cipatala ca St Francis ku Katete, cipatala ca Nyanje ku Sinda, maofesi a zosamalira anthu, a polisi othandiza ozunzidwa a Victim Support Unit ndi aphunzitsi a uphungu m'masukulu ndi malo amene wophunzira angapemphe kuti aone nchito ndi maso, atatenga kalata ya ku cigawo cake. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, kotero maofesi ena amene kale anali kutali tsopano ali pafupi. Wophunzira wotere amapita kukaona ndi kuthandiza, osati kukaciza, ndipo zimene wamva m'cipinda ca uphungu sazitengera kucitsime.

Banja liyeneranso kumva poyera kuti digiri yoyamba siipanga munthu kukhala katswiri wociza. Lamulo la Mental Health Act la mu 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, linatsindika za ufulu ndi ulemu wa odwala maganizo, ndipo nchito m'mbali imeneyi ndi yaikulu. Koma wofuna kuyesa ndi kuciza odwala amapitiriza ndi digiri yaciwiri, monga ya saikoloji ya ana ndi acinyamata kapena ya ubongo ndi khalidwe, ndipo posankha olowa kumeneko amayang'ana m'mene munthu anakhozera makosi a zaka zapamwamba, makamaka a kafukufuku. Kukhoza mopulumukira kumapatsa munthu mkanjo koma kukhoza kumutsekera khomo lotsatira.

Mwana akabwera pa chuthi, funso lakuti sukulu ikuyenda bwanji liri ndi yankho limodzi lokha, lakuti bwino. Makolo amene afuna kudziwa zoona apemphe pepala la zotuluka za mayeso, limene masiku ano mwana akhoza kulitsegula ndi pa foni pomwe. Ngati Cizungu ciwabvuta, mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi angakhale nawo pansi n'kuwawerengera, kuwaonetsa makosi amene atha, amene atsala, ndi ngati pali ina yolephereka imene ikutsekereza za caka camawa. Kosi yotero ikadziwika mbeu zisanagulitsidwe, atate ndi atsibweni amakhala ndi nthawi yopangana matumba angati asungidwe.